Buku langa loyamba: ndipereke kwa ofalitsa, ndilipire kampani, kapena ndisindikize ndekha?

Nabanda:

Moni nonse. Ndamaliza kulemba buku langa loyamba, nthano yaitali ya m'Chichewa ya mawu pafupifupi 45,000. Anthu atatu aliwerenga ndipo ndakonza zomwe anandiuza. Tsopano ndaima pa mphambano. Ena akuti nditumize kwa ofalitsa mabuku n'kudikira kuti alilandire kapena alikane. Ena akuti ndisataye nthawi, ndingopita kwa osindikiza ndi ndalama zanga, mabuku ndizigulitsa ndekha.

Palinso kampani ina yomwe ndinaitumizira zolembazi, ndipo inayankha pasanathe masiku atatu kuti yalikonda bukuli. Ikuti tithandizane: ine ndilipire ndalama zokonzera ndi kusindikiza makope 500, iwo andipatse makope 100, otsalawo azigulitsa okha n'kumandipatsa 50 peresenti ya phindu. Umwini wa bukuli akuti ukhala m'manja mwawo kwa zaka khumi.

Amene mumazidziwa izi, chonde ndimasulireni kusiyana kwenikweni kwa njira zitatuzi. Ndalama zimayenda bwanji pa njira iliyonse? Nanga mlembi watsopano amapunthwa pati? Owerenga omwe ndikuwafuna ndi a kuno kumudzi, makamaka achinyamata a ku sekondale ndi aphunzitsi awo.

Mkonzi wa ku Zomba:

Zikomo aNabanda, ndipo mwagwira ntchito yaikulu. Tiyambe ndi mawu amodzi omwe amasokoneza alembi ambiri. M'Chichewa timati "kusindikiza buku" potanthauza zinthu ziwiri zosiyana. Wosindikiza ali ndi makina: mumampatsa fayilo ndi ndalama, iye n'kukupatsani makatoni a mabuku, zake zathera pomwepo. Wofalitsa amasankha buku, kulikonza, kulipira wosindikiza uja ndi ndalama zake, kenako n'kulifikitsa m'masitolo, m'sukulu ndi m'malaibulale. Wofalitsa weniweni mumamudziwa poona komwe ndalama ikulowera. Imachoka kwa iye kubwera kwa mlembi. Mlembi salipira kalikonse, chifukwa wofalitsa waika ndalama zake pachiswe pokhulupirira kuti bukulo ligulidwa.

Ofalitsa otere kuno alipo, koma aliyense ali ndi munda wake. Kachere Series ku Zomba, komanso Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu, amatsamira ku mabuku a kafukufuku, mbiri ndi zachipembedzo, ndipo mabuku awo amafika kunja kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford. CLAIM ndi Montfort Media ya ku Balaka amadziwika ndi mabuku achikhristu ndi ophunzitsa. Dzuka ndi Popular Publications ndi mayina omwe anatulutsa nthano zambiri za Chichewa zomwe mibadwo yawerenga kusukulu. Musanatumize, lowani m'sitolo ya mabuku, tengani mabuku asanu ofanana ndi lanu, muone dzina la wofalitsa ndi chaka chomwe anatuluka. Mukapeza kuti kampaniyo sinatulutse nthano kwa zaka zambiri, musataye pepala.

Chinthu chomwe muyenera kuchimvetsa ndi ichi: ofalitsa ambiri a kuno amadya za mabuku a sukulu. Nthano ya Chichewa imagulidwa mochuluka ikalowa pa mndandanda wa mabuku ophunzitsira, ndipo mabuku otere amayamba aunikidwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Wofalitsa amadziwa nthawi yomwe mabuku akuitanidwa komanso zomwe owunika amafuna. Popeza mwati mukufuna ana a sekondale, apa ndi pomwe wofalitsa angakuchitireni zomwe simungathe nokha.

Potumiza, konzani zinthu zitatu: kalata ya tsamba limodzi yonena kuti bukuli ndi la mtundu wanji, lalitali bwanji ndipo owerenga ake ndi ndani; chidule cha nkhani yonse cha tsamba limodzi kapena awiri, chotchula ndi mathero omwe, osabisa; ndi mitu itatu yoyamba. Mizere ikhale yotalikirana, masamba akhale ndi manambala. Yankho limatha kutenga miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo akalandira, bukulo limatuluka pakatha chaka kapena kuposerapo.

Za ndalama. Gawo la mlembi, lomwe amati royalty, nthawi zambiri limakhala cha m'ma 10 peresenti. Koma funsani: 10 peresenti ya chiyani? Tiyerekeze kuti buku likugulitsidwa K10,000 m'sitolo, ndipo sitolo ikutengapo 35 peresenti. Wofalitsa alandira K6,500. Ngati mgwirizano ukuti gawo lanu ndi la mtengo wa pachikuto, mupeza K1,000 pa buku. Ngati ukuti ndi la ndalama zomwe wofalitsa walandira, mupeza K650. Pa makope 1,000 kusiyana kwake ndi K350,000, ndipo kwagona pa mawu ochepa chabe a mu mgwirizano.

Mu mgwirizanowo muyang'anenso izi. Kodi mukugulitsa umwini wonse kapena mukungowabwereka chilolezo chofalitsa kwa nthawi yodziwika? Chilolezo ndicho chabwino. Kodi akutenganso ufulu womasulira m'Chingerezi, wopanga sewero la pa wailesi kapena kanema? Ufulu womwe sadzaugwiritsa ntchito usiyeni kwa inu. Kodi azikupatsani lipoti la malonda kangati pa chaka, ndipo muli ndi ufulu woona mabuku awo owerengera ndalama? Chachikulu kuposa zonse ndi ndime yobweza ufulu: ilembedwe kuti buku likatha pa msika iwo osalisindikizanso kwa miyezi 12, kapena likapanda kutuluka pakatha miyezi 24 chisainireni, ufulu wonse ubwerera kwa inu. Mabuku abwino ambiri amafera m'kabati chifukwa ndimeyi inasowa, wofalitsa sakulisindikiza koma mlembi sangalitenge.

Chisale:

Amkonzi afotokoza bwino njira yoyamba. Ine ndiima pa kampani yakuyankhani mwachanguyo, chifukwa zomwe mwalembazo zikundidetsa nkhawa.

Njira yothandizana ndalamayi, yomwe kunja amati hybrid, payokha si yoipa. Alipo makampani oona omwe mlembi amalipira koma amalandira ntchito yeniyeni. Bungwe la ofalitsa la ku America lotchedwa IBPA linalemba mfundo zodziwira kampani yotere mu 2018 n'kuziwonjezera mu 2022. Mwa mfundozo muli zoti kampaniyo izisankha mabuku osati kulandira chilichonse, izitulutsa mabuku m'dzina lake ndi ISBN yake (nambala yozindikirira buku), izikhala ndi njira yeniyeni yogawira mabuku, ndipo izipereka gawo lalikulu kuposa la ofalitsa wamba popeza mlembi waikapo ndalama. Ku Britain nako, mabungwe a alembi a Society of Authors ndi Writers' Guild anafufuza makampani olipiritsa alembi mu 2022 ndipo anapeza kuti alembi ochuluka kwambiri sanabweze ndalama zomwe analowetsa.

Tsopano tiyese kampani yanuyo pa sikelo. Choyamba, masiku atatu. Mawu 45,000 munthu sawerenga, kuwaganizira ndi kukambirana ndi anzake m'masiku atatu. Afunseni kuti anakonda chiyani m'mutu wachisanu ndi chiwiri, ndipo ndi pati pomwe akuona kuti pakufunika kukonza. Akayankha zozungulira, sanawerenge. Kampani yomwe imapeza ndalama zake kwa mlembi ilibe chifukwa chokanira buku, komanso ilibe chifukwa cholimbikira kuligulitsa, popeza phindu lake yalandira kale tsiku lomwe mwalipira.

Chachiwiri, mawu akuti "phindu". Titenge chitsanzo cha amkonzi chija. Sitolo yapereka K6,500. Kampani ichotsepo K3,000 ya kusindikiza, K1,500 ya kugawa, K1,000 ya kusunga m'nyumba yosungira katundu. Phindu latsala K1,000, inu mulandira K500. Ndalamayi ndi yochepa poyerekeza ndi K650 ya wofalitsa yemwe simunamulipire kalikonse, ndipo kusindikiza komwe akuchotsako munalipira ndinu kale. Ngati mukufuna kupitiriza nawo, mgwirizano unene kuti gawo lanu ndi la ndalama zonse zomwe alandira kuchokera ku sitolo, popanda kuchotsa china, ndipo lisachepere 50 peresenti.

Chachitatu, makope. Mwalipira 500, mukupatsidwa 100. Enawo ndi a ndani? Mudzadziwa bwanji kuti anasindikizadi 500 osati 150? Pemphani kuti mudzaone invoisi ya osindikiza ndi kuwerenga makatoni nokha. Ndipo zaka khumi n'zambiri kwa munthu yemwe sanaikepo ndalama. Zaka ziwiri kapena zitatu zikwanira, ndipo zikatha akubwezereni mafayilo onse, la mkati ndi la chikuto, mu mtundu wotheka kusintha, osati PDF yokha.

Pali mayeso awiri osavuta. Pitani m'masitolo atatu a mabuku mu mzinda wanu mufunse buku lililonse la kampaniyo. Kenako pezani alembi awiri omwe anafalitsa nawo chaka chapita, osati omwe kampaniyo yakusankhirani, muwafunse ngati analandirapo lipoti la malonda ndi ndalama. Pemphaninso kuti mtengo augawe: kukonza zingati, chikuto zingati, kusindikiza zingati. Mukatero pitani kwa osindikiza awiri mufunse mtengo wa makope 500 a buku lomwelo. Nthawi zambiri mupeza kuti mukanalemba ganyu anthu omwewo nokha pa mtengo wotsika, umwini uli m'manja mwanu.

Mwale wa pa makina:

Ndikugwirizana ndi aChisale, koma ndisiyana pang'ono ndi amkonzi. Ofalitsa olandira nthano ya Chichewa ya mlembi watsopano ndi ochepa, ndipo munthu akhoza kudikira zaka. Kudzifalitsa nokha si manyazi. Koma dziwani kuti ntchito zonse za wofalitsa zigwera inu, ndipo kusindikiza ndi kochepa mwa ntchitozo. Ndondomeko yake ili motere.

Yambani ndi mkonzi, ndipo mumulipire. Kukonza kuli pawiri: wina amaona nkhani, ngati ikuyenda, ngati mutu wina ukungobwereza, wina amaona kalembedwe. M'Chichewa vuto lalikulu ndi kusakhazikika: tsamba lina "m'nyumba", lina "mnyumba", pena "kumudzi", pena "ku mudzi". Sankhani kalembedwe kamodzi motsata malamulo a kalembedwe ka Chichewa, omwe a Centre for Language Studies ku Zomba amawadziwa bwino, ndipo mulembe mndandanda wa mawu okayikitsa kuti mkonzi azitsatira. Aphunzitsi sagula buku lomwe likusemphana ndi zomwe akuphunzitsa m'kalasi.

Kenako ISBN. Kuno imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba, ndipo itengeni m'dzina lanu kuti wofalitsa mukhale inu. Buku la pepala ndi la pa foni, lililonse limafuna nambala yakeyake. Lamulo limafunanso kuti buku likatuluka mupereke kope ku Archives komweko. Umwini wa zolemba umayamba pomwe mwalemba, simuchita kugula, ndipo lamulo lake ndi Copyright Act ya 2016. Komabe kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, chifukwa iwo amatolera ndalama za kufotokopa mabuku n'kugawira eni ake.

Za buku lenilenilo. Saizi yosaboola m'thumba ndi A5, mamilimita 148 ndi 210, chifukwa pepala silitayika podula. Mawu 45,000 pa zilembo za saizi 11 akupatsani masamba cha m'ma 180 mpaka 200. Makina aakulu amasindikiza masamba 16 pa chipepala chimodzi, choncho yesetsani kuti chiwerengero chigawike ndi 16, monga 192. Mukakhala ndi 194 mulipira chipepala china chifukwa cha masamba awiri. Pepala la mkati likhale la 80gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala). La 70gsm n'lotsika mtengo koma zilembo za kuseri zimaonekera. Chikuto chikhale cha 250 kapena 300gsm, chokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala, apo ayi chimasuluka ndi thukuta la m'manja. Msana wa buku umawerengedwa potengera mapepala: masamba 192 ndi mapepala 96, pa 80gsm ndi pafupifupi mamilimita 10. Funsani osindikiza muyeso weniweni musanajambulitse chikuto, chifukwa mukaphonya, dzina la pamsana limapendekera kutsogolo.

Fayilo ipite ngati PDF yokhala ndi mafonti (mitundu ya zilembo) omatidwa mkati. Ngati mwagwiritsa ntchito ŵ, onetsetsani kuti fontiyo ili nacho chilembochi, chifukwa pa kompyuta ya osindikiza chimatha kusanduka kabokosi kapena kusowa buku lonse. Zithunzi zikhale za 300dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), mitundu ikhale ya CMYK (dongosolo la mitundu la makina osindikizira), ndipo chikuto chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse kuti mpeni usasiye mzere woyera. Mpata wa mkati, wa kumsana, usachepere mamilimita 18 chifukwa guluu amadyako. Musalole makina kuyamba musanagwire kope loyesera ndi manja anu. Liwerengeni lonse, litsekuleni pakati mwamphamvu, mukoke tsamba limodzi. Likathothoka, guluu ndi woipa ndipo makope onse adzatero.

Musindikize angati? Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Osindikiza adzakuuzani zoona kuti makope 1,000 amatsitsa mtengo wa buku limodzi, chifukwa mtengo wa mapuleti (zitsulo zopyapyala zomwe makina aakulu amadindira) umagawika. Koma buku lotsika mtengo lomwe lili pansi pa bedi, chinyezi ndi chiswe zikuligwira, silinakupindulireni. Yambani ndi 100 kapena 200 pa makina a dijito, omwe safuna mapuleti. Zikatha m'miyezi itatu, pitani ku makina aakulu.

Masamu ake, pongoyerekeza: makope 500 pa K3,000 ndi K1,500,000, kuphatikiza K500,000 ya mkonzi, chikuto ndi kuyala masamba, zonse K2,000,000. Mukamagulitsa nokha pa K10,000, mubweza ndalamayo pa buku la nambala 200. Kudzera m'masitolo pa K6,500, mufunika makope 308, osawerengera thiransipoti. Masitolo ambiri amatenga mabuku pa ngongole, kulipira akagulitsa. Musasiye oposa khumi pa sitolo imodzi, asaine pepala lolandirira, ndipo mulembe tsiku lodzawerengerana. Mtengo wa pachikuto ukhale katatu kapena kanayi mtengo wosindikizira. Mukaika kawiri kokha, sitolo ikatenga gawo lake mutsala ndi zochepa kwambiri.

Naphiri ku Johannesburg:

Ndiwonjezere za Amazon, chifukwa pali wina adzakuuzani kuti ingoikani pa KDP, njira yawo yodzifalitsira nokha mabuku, n'zaulere. N'zoona kuti kuika buku sikulipiritsa. Mu 2025, pa buku la pa foni ankapereka 70 peresenti ngati mtengo uli pakati pa $2.99 ndi $9.99, ndi 35 peresenti kunja kwa malire amenewo. Pa buku la pepala amapereka 60 peresenti kuchotsa mtengo wosindikizira, ndipo kuyambira mu June 2025 mabuku otsika mtengo kuposa $9.99 amalandira 50 peresenti.

Koma kwa inu achemwali pali zopinga zitatu. Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo zomwe KDP imalandira, ndipo kunamiza kuti bukulo ndi la Chingerezi kukhoza kulichotsetsa. Chachiwiri, Malawi alibe pangano la misonkho ndi America, choncho pa malonda a ku America amadula 30 peresenti musanalandire. Wokhala ku South Africa kapena ku Britain sadulidwa choncho chifukwa mayikowa ali ndi pangano. Chachitatu, mwana wa Fomu 3 ku Dedza sagula pa Amazon, ndipo kutumiza buku limodzi kuchokera kunja kumadula kuposa bukulo. ISBN yaulere yomwe amapereka imagwira ntchito kwa iwo okha, simungapite nayo kwa osindikiza a ku Blantyre.

Kwa owerenga a kunja ngati ife, zomwe zimayenda ndi katoni ya mabuku pa basi yobwera ku Joni, yogulitsidwa ku mipingo ndi m'magulu a Amalawi. Za PDF pa WhatsApp samalani: mukagulitsa kwa munthu mmodzi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mawa ili m'magulu khumi. Bwino kugawa mutu woyamba wokha kwaulere, wokhala ndi nambala yoitanitsira buku kumapeto kwake.

Nabanda:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsekula maso. Kampani ija ndiitumizira mafunso a aChisale ndione yankho lake. Funso lotsala: ndikasindikiza ndekha makope 200 panopa, kodi wofalitsa angadzalilandirenso bukuli mtsogolo, kapena ndikhala ndatseka khomo?

Mkonzi wa ku Zomba:

Khomo silitsekeka, bola umwini ukhale wanu ndipo musasaine ndi wina aliyense. Koma ofalitsa ena safuna buku lomwe latuluka kale, ndipo mipikisano ina ya alembi imalandira zolemba zosasindikizidwa zokha, choncho tsatani ndondomeko iyi. Tumizani kaye kwa ofalitsa atatu kapena anayi oyenera, muwauze m'kalata kuti mwatumizanso kwina, ndipo mudziikire malire a miyezi isanu ndi umodzi. Pa nthawiyo sonkhanitsani mitengo ya osindikiza, pezani mkonzi, ndipo lowani Malawi Writers Union kuti muzimva za mipikisano ndi mabuku omwe akuitanidwa. Malire akakwana popanda yankho, alembereni kuti mukuchotsa zolemba zanu, kenako sindikizani 200 aja.

Mukatero sungani kaundula: tsiku, malo, makope ndi mtengo, pamodzi ndi mapepala olandirira a masitolo ndi makalata a aphunzitsi omwe aligwiritsa ntchito m'kalasi. Wofalitsa akaona kuti makope 200 anatha m'miyezi inayi m'sukulu za boma limodzi, amamva msanga kuposa kalata yoyamikira nkhani. Akadzalitenga, lidzatuluka ndi ISBN yatsopano ya kampani yawo, ndipo mu mgwirizano mulembetse kuti makope anu otsala mudzawagulitsa mpaka tsiku lakuti, kapena iwo awagule pa mtengo wosindikizira.